Kamtengo ka mu Mtsuko Wong'aluka

Kwa Elube, mwana wanga,

Pepa kuti ndikukuvutitsa ndi kalata pamene uli pakati pomanga katundu, ndiponso pamene tikugona nyumba imodzi. Ndikudziwa kuti sikoyenera kulembera munthu amene ukumuona ndi maso. Koma iwe ukundidziwa mmene ndilili. Ndikafuna kunena chondiwawa pamaso pa munthu, ndimangoyang'ana zala zakumapazi, kenaka anthu amati Rute wavomera. Sindinavomere ayi. Kuchokera Lachisanu lija ndakhala chete, ndipo ndaona kuti iwe ukuganiza kuti nkhani inatha. Ndiye masana ano ndakhala kuseri kwa nkhokwe ndi pepala pa bondo, kuti mawa pokwera ngolo yopita kumsewu udziwe zimene zili mumtima mwanga.

Ndakwiya nawe, Elube. Ndalemba mawu amenewa poyambirira kuti usavutike kuwafunafuna m'kalata yonse.

Unapha mtengo wa pichesi wa amayi ako. Ukhoza kunena kuti nkhwangwa inali m'manja mwa atsibweni ako a Gidiyoni, ndipo nzoona, koma anawatuma ndiwe. Unaona ukwati wina ku mishoni, akwati akudutsa pa chipata cha maluwa, nuti nawenso ufuna chotero pakhomo la tchalitchi chathu. Kufuna zokongola sikulakwa. Koma unadikira kuti ine ndipite kwa Kabudula kukabwereka mbale ndi mabeseni a pa ukwati wako womwewo. Unadziwa kuti ndikanakhalapo, ndikanangokhala patsinde pake osalankhula kanthu, ndipo palibe akanaukhudza. Chimenechi ndicho chikundiwawa koposa, kuti unachita kuganizira nthawi yake.

Atsibweni ako sadziwa kuti mtengo wa zipatso umadulidwa bwanji. Anautema pa mphanda ngati akugwetsa mitengo ya chigafa cha fodya, mphandayo n'kung'ambika mpaka pansi. Ataona kuti wawonongeka anati bola aumalize. Kenaka amayi ophika nyama anapeza chitsa chili pamalo abwino, anaika miyala iwiri, chitsacho n'kukhala fuwa lachitatu. Pamene ndimafika ndi dengu pamutu, moto unali utayamba kale kuchidya. Ndinatula dengu, sindinathe kusuntha. Atsibweni ako anati, "Taonani Rute, akufuna timuitanire adzukulu pa maliro a nkhuni." Anthu anaseka, nawenso unaseka pang'ono, kenaka unati, "Ndi mtengo chabe, amayi ang'ono. Uphukanso."

Suphukanso. Dzulo ndinakanda khungwa ndi chikhadabo mpaka pamene lalowa m'dothi, ponseponse ndi makala.

Nanga chipata chako chija chinakuthandiza chiyani? Ukanandifunsa ndikanakuuza kuti maluwa a pichesi sakhalitsa pa nthambi yodulidwa. Anagona panja usiku wonse, m'mawa mphepo ya Ogasiti inawakutumula, ndipo potuluka m'tchalitchi inu awiri munadutsa pansi pa timitengo touma, maluwa ali pansi pa mapazi a alendo. Usaganize kuti ndinakondwa pokuona zakukanika. Ndinaimba nawo nyimbo zonse monga mayi wa mkwatibwi, koma m'kamwa munali mowawa.

Iwe sukumbukira mmene mtengowo unabwerera, chifukwa unali ukukwawa. Amayi ako, akulu anga, anagula mapichesi pa msika wa ku Lilongwe kwa mayi wina wochokera ku Dedza. Mayiyo anawauza kuti asadzivute ndi njere, kuno ku Nsaru kuzizira kwake n'kosakwanira. Akulu anga anali amakani, anakwirira njerezo, imodzi inamera. Anthu ankawaseka kuti akuthirira mtengo wosadziwika pamene anzawo akubzala mango. Nzoona, sunabereke bwino. Zipatso zake zinali zazing'ono, zaka zina mphutsi zokhazokha, zaka zina osabereka n'komwe. Koma Ogasiti aliyense, bwalo lonse lili fumbi, udzu utapsa, mtengo uja wopanda tsamba ngakhale limodzi unkadzaza maluwa ofiirira ngati nkhama za khanda, ndipo odutsa panjira ankachepetsa liwiro la njinga. Pamene akulu anga anadwala matenda awo otsiriza, sanandisiyire mawu aakulu ayi. Ankangofunsa ngati iwe wadya, ndiponso ngati ndamanganso mpanda wa pa mtengo. Ine ndinali mtsikana wongosiya kumene Sitandade 3. Ndinakulandira iwe ndi mtengowo tsiku limodzi, ndipo palibe mwa inu awiri amene ndinkadziwa kasamalidwe kake.

Tsopano mvetsera, chifukwa ichi ndicho ndakulembera. Kuseri kwa bafa kuli kamtengo mu mtsuko wong'aluka, kofika m'mawondo. Unkakadutsa tsiku lililonse popita kosamba, sindikudziwa ngati unakaona. Kanachokera ku njere za mtengo wa amayi ako zimene ndinakwirira dzinja la chaka chathachi lisanathe, ndipo mwa zonsezo kanamera kokhako. Palibenso kena. Masiku onsewa ndakhala ndikulimbana ndi mtima wanga, ukundiuza kuti ndisakupatse, sunayenere. Koma kuno kadzavutika monga anavutikira mayi wake, ndiponso kuno kuli atsibweni ako ndi nkhwangwa yawo. Kumapiri kumene ukupitako ndiko kwawo kwa mitengo imeneyi. Choncho mawa kakwera ngolo pamodzi nawe. Usakatenge ngati mphatso yosonyeza kuti ndakhululuka. Ndi ntchito imene ndikukusenzetsa.

Ndikudziwa kale zimene amuna ako anena, chifukwa ananena ine ndikumva pamene amamwa thobwa. Anati, "Musadandaule amayi, kwathu mapichesi timadyetsa nkhumba." Ndi aphunzitsi, ndi aulemu, sanafune kundinyoza. Koma mawu amenewo ndiwo akundiopsa. Basi ikadzaza, kondakitala akayamba kudandaula za mtsuko wa dothi, amuna ako adzati ingousiya pamsewu, kwathu mitengo yotere ilipo yambiri. Ilipo yambiri, eya, koma palibe umene unachokera m'manja mwa amayi ako. Mtsukowo uunyamule pamiyendo. Usalole kuti aukweze padenga la basi pamodzi ndi njinga ndi matumba. Ndaukulunga ndi chiguduli chonyowa, diresi lako latsopano lidetsedwa, ndipo ine sindikupepesa za zimenezo.

Ukafika usathamangire kukumba. Ine ndinalakwitsapo pamenepa. Chaka china ndinadula nthambi ya muwale, uja waminga wa maluwa ofiira, n'kuizika kumapeto kwa bwalo lathu kuti idzatchinge mphepo. Sindinauze munthu chifukwa cha manyazi anga omwewa. A Nabanda a nyumba yoyandikana nafe atadzuka n'kuipeza, anati ndikuika malire, ndikufuna kuwadyera malo. Anaizula, anaiponya pakhomo pathu, ndipo dzinja lonse sitinapatsane moto. Amenewotu ndi abale athu, m'mudzi mwathu momwe. Nanga iwe amene ukupita chitengwa? Dothi la kumeneko ndi la apongozi ako ndi ana awo aakazi. Mtengwa akabzala mtengo osapempha, alamu ake amati wayamba kugawira ana ake malo asanabadwe n'komwe. Adzauzula usiku umodzi, ndipo palibe adzavomere kuti ndiye wazula.

Ndiye upemphe. Usatume amuna ako, chifukwa mwamuna pa dothi la amayi ake ali ngati mlendo, mawu ake salemera kuposa ako. Upite wekha, ugwade, apongozi ako ali pamodzi ndi alamu ako, masana, anthu akuona. Uwauze kuti kamtengoka kachokera kwa malemu amayi ako, ukupempha kamalo koti kakhalepo, ndipo zipatso zake zidzakhala za pakhomo ponse. Unenenso poyera kuti ngakhale iwe utadzachoka pamudzipo, mtengo sudzaulondola. Ndikudziwa kuti mawu otere ndi owawa kwa mkwatibwi wa masiku ochepa, koma ndiwo adzamasula mitima yawo. Pakamwa pako mpopepuka, Elube, pamene umatuma atsibweni ako sunachite chibwibwi. Ligwiritse ntchito lilime lomwelo pa chinthu chabwino. Kufikira atakuyankha, kamtengo kakhale mu mtsuko mwake, pamthunzi, ukuthirira pang'onopang'ono. Nthawi yobzala n'kumayambiriro kwa mvula.

Akakuloza malo a kumunsi, kufupi ndi dambo, uthokoze koma upemphe ena. Njere zoyamba zimene ndinayesa kumeretsa akulu anga atamwalira ndinazibzala kudimba, poganiza kuti kufupi ndi madzi ndiko kwabwino ndiponso sindivutika ndi kutunga. Timitengo tiwiri tinamera bwinobwino. Dzinja litafika madzi anaima pamizu, kamodzi kanafota n'kuuma. Kotsalako kanaphukira msanga mu Julayi, chisanu chinatsikira m'dambo monga chimachitira, m'mawa ndinapeza nsonga zonse zakuda ngati zawauka pamoto. Chisanu chimatsata kumunsi ngati madzi. Kumene ukupitako akuti n'chachikulu kuposa cha kuno, mpaka madzi a m'beseni amagwira pamwamba. Mtengo wa pichesi umakonda kuzizira, koma sukonda kukhala m'chigwa. Upeze pamalo okwera pang'ono, pamene dzuwa la m'mawa limafika, nyumba kapena nkhokwe ikutchinga mbali imene kumachokera mphepo ya mwera. Wamva? Pamalo okwera.

Za manyowa nazonso ndinaphunzira mopweteka. Ndinkafuna mtengo wa amayi ako ubereke kwambiri kuti anthu aleke kuseka, ndiye ndinatapa ndowe zaziwisi m'khola la atsibweni ako n'kuunjika patsinde. Masamba anapsa m'mbali, chiswe chinabwera ndi abale ake onse. Iwe ukumbe dzenje lofika m'mawondo, lotakata, dothi lapamwamba uliike pambali pake. Ufune ndowe zakale zimene zasanduka zakuda, zosanunkha, zofumbutuka m'manja. Uzisakanize ndi dothi lapamwamba lija, ndizo zibwerere m'dzenje. Kamtengo usakazule mu mtsuko, mtsukowo uchite kuuswa, kuti dothi la pamizu lisagwe. Tsinde lisalowe pansi kupitirira pamene lalekezera tsopano. Phulusa lothamangitsa chiswe uwaze mozungulira, patali pang'ono, lisakhudze khungwa. Zimenezi uchite ndi manja ako. Amuna ako madzulo amakhala ndi aphunzitsi anzawo kukambirana ndale za boma la chitaganya, sadzakutungira madzi, ndipo ukatuma ana a sukulu adzathira ndowa yonse kamodzi n'kuthawa.

China ndi tsache. Pano ndikunenetsa, chifukwa ukukakhala mkazi wa aphunzitsi, ndipo amayi a mumpingo adzabwera kudzaona ngati pabwalo pako mposesa. Ine ndinkaopa kunenedwa kuti mtsikana wolera mwana wamasiye ndi wauve, ndiye ndinkasesa m'mawa uliwonse mpaka patsinde penipeni. Tsamba likagwa, ndachotsa. Chaka ndi chaka tsache linkatenga dothi pang'onopang'ono, tsiku lina ndinangoona mizu ili pamtunda ngati mitsempha ya pa dzanja la nkhalamba. Ndinachita kusenza dothi la kumunda m'dengu kudzakwirira. Usese bwalo lako lonse kuti liwale, asakunene, koma pansi pa mtengo ulekepo. Uikepo udzu wouma ndi masamba, uzungulize miyala kuti aliyense aone kuti wachita dala. Akakufunsa uwauze kuti ndi mmene amachitira kwanu. Nyumba za aphunzitsi zimene ndaziona zili ndi miyala yopaka laimu m'mizere ndi dothi louma gwa, ndipo amati ndi dimba la maluwa. Ine ndimaona ngati manda a ku mishoni.

Juni akafika kamtengo kadzagwetsa masamba onse. Usachite mantha, ndipo usalole munthu akuuze kuti kafa. Chaka choyamba nditatsala ndekha, ndinaona mtengo wa amayi ako uli mbulanda, ndinaiwala kuti unkatero kale, ndinangoti ndaupha pamodzi ndi mwini wake. Ndinkauthirira m'mawa ndi madzulo ndikulira, mpaka unayamba kutuluka utomoni patsinde chifukwa cha madzi ochuluka. Chonsecho unali m'tulo chabe. Ukakayika, kanda khungwa pang'ono ndi chikhadabo. Mukakhala mobiriwira, kasiye kagone. Nthawi yozizira sikafuna madzi ambiri. Iwe ndi munthu wosadikira, Elube, chinthu chikaleka kukusangalatsa maso umachitaya. Pa ichi uphunzire kudikira.

Mbuzi sindikuyenera kukuphunzitsa, unakulira nazo. Anthu akangokolola amazimasula, ndipo mbuzi imodzi imamaliza kamtengo kotere munthu akutembenuka kukatenga chikho. Mpanda umange tsiku lomwelo lobzala, osati mawa lake. Ukhale wa mitengo yolimba ndi minga, wautali kuposa mbuzi yoimirira ndi miyendo iwiri, ndipo uziuyendera ukamapita kumadzi. Ine ndaumanga ndi kuumanganso mpanda wa pa mtengo uja kuyambira iwe uli wosavala mpaka Ogasiti uno. Mbuzi zonse za m'mudzi muno zinalephera. Sindinaganize kuti ndiyenera kumangira mpanda mwana wa m'nyumba.

Kakagwira, ndipo apongozi ako akaona kuti sunabwere kudzalanda malo, udzapemphenso pang'onopang'ono. Muwale umamera ndi nthambi yongozika, ndi wabwino kumbali ya mphepo, ndipo maluwa ake ofiira amabwera nyengo yomweyo pamene kulibe china chokongola. Alangizi a zamalimidwe akabwera ndi mbande za bulugamu, ukabzale kutali ndi nyumba, chifukwa amamwa madzi onse ndipo pansi pake sipamera kanthu. Jakaranda amene ukamuone pa boma ndi wokongola, koma amakula kwambiri, adzaphimba pichesi ndi mthunzi. Usafune kudzaza bwalo chaka chimodzi kuti alendo a amuna ako akutame. Mtengo umodzi uyambe wakhala moyo.

Ndipo ukadzachita maluwa, usadule. Ndikubwereza, usadule. Duwa lililonse ndi chipatso, chipatso chilichonse ndi njere, ndipo njere ndizo ndikufuna. Ukadzafuna maluwa a m'botolo patebulo monga amachitira akazi a aphunzitsi, ukathyole a kutchire. Kudulira kulipo, koma n'kwa nthawi imene mtengo uli m'tulo, ndi mpeni wakuthwa, tinthambi touma ndi topingasa m'kati tokha. Nkhwangwa isafike pafupi. Wina akadzakwatira kumeneko n'kubwera kudzapempha nthambi za chipata, udzamuuze zimene zinachitika pa ukwati wako, usabise mbali yako. Zipatso zoyamba zikadzapsa, udye, ugawire apongozi ako ndi alamu ako, koma njere usataye. Uziumitse pamthunzi, unditumizire zingapo. Ndidzayesanso kuno, pamalo ena, osati pa chitsa chija, chifukwa pamenepo sindikutha kuyang'anapo.

Ndawerenganso zimene ndalembazi ndipo ndaona kuti sindinakuuze za kulemekeza amuna ako, za mapemphero, za kukhala bwino ndi anthu. Zimenezo anakuuza kale alangizi a mumpingo ndi ankhoswe, ndipo amadziwa kulankhula kuposa ine. Ine chimene ndikudziwa ndi ichi chokha. Sindinakulere kuti ukhale munthu woipa, ndipo sindikuti ndiwe woipa. Ndiwe mwana amene sanafunsepo kuti zinthu za pakhomo zimakhalapo bwanji, chifukwa unkangozipeza zilipo. Mwina ndinakuzoloweza ndine. Kumene ukupitako palibe adzakumangira mpanda iwe uli m'tulo.

Mawa pa ngolo sindidzanena chilichonse mwa izi. Padzakhala anthu, atsibweni ako adzakhala akuseka nthabwala zawo, ine ndidzakupatsira mtsuko, ndidzakugwira dzanja n'kuyang'ana pansi. Usadzatenge zimenezo ngati kuti mkwiyo watha, ndiponso usadzatenge ngati kuti sindikukufuna. Zonse ziwiri si zoona.

Chimene ndikupempha ndi yankho. Amuna ako ali ndi inki ndi mapepala, ulibe chonamizira. Undiuze ngati kamtengo kafika kamoyo, ndiponso zimene apongozi ako anena utawapempha malo. Ngati kathyoka panjira, undiuze zoona, usandinamize ndi mtengo wina wa kumeneko, chifukwa ndidzadziwa. Ngati akukaniza malo, usakabzale mobisa ndipo usakataye. Kasunge mu mtsuko momwemo, undilembere, ndibwera ndekha kudzakatenga. Sindinapitirirepo Lilongwe chibadwire, basi ndimaiopa, ndipo sindikudziwa kuti ndikafunsa bwanji njira kwa anthu osawadziwa, koma ndibwera. Kalata yako uitumize kudzera kwa abusa athu, ifika. Chonde undiyankhe msanga, Elube, mvula isanagwe.

Ndine amayi ako ang'ono,
Rute